Bokosi Losowa pa Limba la Vitus

Sajeni Lameki Kapalamula anafika pa Kamwendo nthawi ili 7:50 m'mawa, Lolemba pa 12 Febuluwale 2001. Mvula inali itangokata. Anthu anali atadzaza pakhonde la kashopu kokonzera mawailesi, kuseri kwa chigayo, ndipo atamuona anapatuka okha.

Mtembo unali chagada pafupi ndi tebulo logwirira ntchito. Anali Vitus Zimba, mwini shopuyo, bambo wa zaka 58 amene ankagona yekha m'kachipinda ka kumbuyo. Kunkhongo kwake kunali bala limodzi. Pangodya ya tebulo panali chitsulo chopanira zinthu, ndipo pachitsulopo panali magazi ouma. Lameki anavula chipewa n'kuima chete pang'ono, monga ankachitira kwa zaka 22 asanagwire kalikonse. Kenako anatulutsa kope.

Malaya a malemuyo anali ong'ambika pakolala. Mabatani awiri anali pansi.

"Anawapeza ndani?"

"Ndine, bambo," anayankha mayi wina wachikulire. "Ndine Luwiza, mlongo wawo. Ndinabwera 6:30 kudzawapatsa tiyi. Loko anali wokoloweka kunja, koma wosakiya."

"Chasowa chilipo?"

"Mawailesi onse a anthu ali pomwepo. Koma taonani limba."

Limbalo linali kukhoma, lofundidwa chitenje bwinobwino. Lameki anachichotsa. Sanaonepo chinthu chotero. Chinali chachitali ngati chitseko, cha matabwa m'mbali mwake, makiyi ake achikasu ndi ukalamba, ndipo pamwamba pa makiyi panali tozungulira topotokola toposa makumi atatu. Pashelefu ya pamwamba pake panali zitini za mabisiketi zisanu ndi chimodzi, chilichonse chili ndi topotokola take ndi mabowo, ndipo zingwe zamitundumitundu zinkachoka pachitini china kulowa china. Kumayambiriro kwa mzerewo panali mpata wa makona anayi wopanda fumbi.

Musosala munali timabawuti titatu toikidwa mwaulemu. Kachinayi kanali pansi, pamwamba pa dontho la magazi ouma, koma iko kanali koyera. Lameki analemba kuti chitini cha pampata paja chinamasulidwa mwini wake atagwa kale.

"Dzina lake lenileni akuti sinthesaiza," anatero Luwiza. "Ife timangoti limba. Achimwene analigula litafa ku Chipata mu 94, kwa gulu loyimba lomwe linabalalika. Analitengera panjinga. Pachipata cha m'malire anthu anakangana ola lonse kuti kaya ndi wailesi kaya ndi makina osokera."

Lameki anayatsa n'kudina kiyi imodzi. Limba linalira ngati ng'ombe yoitana mwana wake. Anthu a pakhonde anadzidzimuka, ndipo mayi wina anaseka asanadzigwire pakamwa. Nayenso Luwiza anaseka, misozi ili m'masaya.

"Limafuna litenthe kaye, bambo, mphindi khumi ndi zisanu. Likangodzuka limalusa ngati mwini wake."

Nthawi ili 9:30 kunamveka phokoso kumsewu. Anyamata achitetezo cha m'mudzi anabwera ndi munthu wamtali womangidwa manja ndi linya, wina atanyamula chitini m'mwamba ngati chikho cha mpira.

"Tamugwira, bwana! Tenanti wa ku esiteti ya ku Mkanda uyu. Dzulo 3 koloko anamuona akutuluka muno ndi chitini ichi."

Lameki anamasula linyalo yekha. "Zikomo, mwathandiza. Tsopano musamukhudzenso."

Ku polisi anamulowetsa m'chipinda chofunsira nthawi ili 11:15. Dzina lake linali Anasi Makwinja, wa zaka 34, wochokera ku Phalombe. Mkazi wake Benedicta anali atatsatira wapansi ndi mwana kumbuyo, ndipo anamupeza Lameki pakhomo.

"Bwana, fodya wathu wapsa m'munda, akufunika kuthyola sabata ino. Akapitawo ati bambo awa akapanda kuoneka pofika Lachitatu m'mawa, munda aupereka kwa wina, ife tichoke. Miyezi isanu ndi umodzi tagwira. Kwathu n'kutali."

"Khalani pabenchi apa, mayi, pali mthunzi," anatero Lameki. Sanalonjeze kanthu.

M'katimo anaika chitini patebulo. Chinali chozungulira, cha mkaka wa ufa, chili ndi kasipika kutsogolo ndi timalata tiwiri pamwamba.

"A Makwinja, ichi munachitenga bwanji?"

"Anandipatsa okha a Vitus. Ine ndimayimba besi m'kwaya, ndiye tinazolowerana. Anati ndikachiyese ku chigafa."

"Kuyesa chiyani?"

"Fodya, bwana. Chimayimbitsa fodya."

Mayi Jane Mtambo, wapolisi amene ankalemba sitetimenti, anaika cholembera pansi. "Mwati chimatani?"

"Ndipatseni tsamba lililonse muone."

Jane anatuluka n'kubwera ndi masamba awiri a mango, lina laliwisi lina louma. Anasi anapana laliwisi pakati pa timalata. Chitini chinalira mawu okwera, ngati udzudzu m'khutu. Anapana louma. Chinayamba kung'ung'udza pansipansi.

"Mwaona? Likamalira ngati soprano ndiye kuti silinaume, mukalimanga liwola. Likafika pa besi, mangani. A Vitus amati akachikonza bwino adzachilumikiza kulimba, fodya wanga adzayimbe m'tchalitchi tsiku la zokolola."

Jane anapanapo chala chake. Chitini chinakuwa.

"Inuyo simunaume, mayi," anatero Anasi.

Jane anaseka mpaka anagwira tebulo. Wapolisi wa pakauntala anasuzumira, naye n'kufuna kuyesa, kenako anabweretsa chitumbuwa, kenako chipewa cha bwana wamkulu. Anasi anaseka nawo, koma mwadzidzidzi analeka. Anayang'ana chitini chija n'kubisa nkhope m'manja.

"Ndinawasiya akuimba mluzu, bwana. Anandipatsanso chubu cha njinga poti changa chinali ndi zigamba zisanu ndi ziwiri."

Lameki anamukhulupirira. Chitini chinali chozungulira ndipo chinalibe mabowo a mabawuti, pomwe mpata wa pashelefu unali wa makona anayi. Koma dokotala anati Vitus anamwalira pakati pa 4 koloko ndi 6 koloko madzulo, ndipo panalibe amene anamuona Anasi panjira ya ku Mkanda nthawi imeneyo. Bwana wamkulu anayankha mwachidule: "Akanatha kubwerera n'kutenga chachiwiri. Ndipezereni wina, uyu ndimutulutsa."

Masana Lameki anatsata mphekesera ina. Anthu ankati dalaivala wina wa thiraki, wotchedwa Zakeyu, anakhala akuumiriza Vitus kuti amugulitse limba, ndipo tsiku lina anatukwana. Lameki anakwera minibasi mpaka kuchipata cha m'malire. Anamupeza Zakeyu atagona pansi pa thiraki yake, yomwe inathyoka ekiselo Loweruka kutsidya, ku Mwami. Amakanika atatu ndi mayi wogulitsa chimanga chootcha anachitira umboni kuti Lamulungu lonse sanachoke. Zakeyu atamva za imfayo anakhala tsonga n'kufunsa tsiku la maliro.

Nthawi ili 4:45 Lameki anabwerera pa Kamwendo n'kuima pakhonde la telala. Telalayo anali Dickson Chapola, wa zaka 61, amene ankaliza limba m'tchalitchi. Anamupatsa Lameki mpando wake womwe, iye n'kukhala pa mpukutu wa nsalu.

"Munaonana nawo liti komaliza a Zimba?"

"Dzulo 1 koloko. Tinabweza limba pa wilibala titatuluka m'tchalitchi, monga mwa masiku onse. Ndinapita kunyumba osatulukanso."

"Mwakhala mukuliza zaka zingati?"

"Khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ndinayamba ndi lopopa ndi mapazi lija. La Vitus litabwera, anthu a mipingo ina ankabwera kudzangomvera." Dickson anapukusa mutu. "Maliro ndi Lachitatu. Mukauze mayi Luwiza asadandaule, limba lidzalira. Mnzanga sangapite chete."

Lameki analemba mawuwo monga analembera ena onse.

Lachiwiri, 8:10 m'mawa, anatsegula shopu ija ali ndi Luwiza. M'dilowa anapezamo kope la sukulu lolembedwa pachikuto kuti MABOKOSI. Tsamba lililonse linali ndi zojambula za mawaya ndi mawu ochepa pansi pake.

"Ndiwerengereni, bambo. Magalasi ndaiwala kusiwa."

Lameki anayamba. "Bokosi la mvula. Latheka."

"Icho chobiriwiracho. Tsiku loyamba kuchiliza, amayi anathamangira panja kukanula zovala."

"Bokosi la phanga. Sipuling'i ya mpando wa basi. Mawu azimveka ngati tchalitchi chathu n'chachikulu. Latheka. Bokosi lonjenjemeretsa mawu ngati mayi Nasimango akamayimba. Latheka, koma osawauza."

"Akudziwa!" anatero Luwiza akuwomba m'manja. "Amanyadira!"

"Bokosi la diso. Dzuwa likalowa pawindo mawu azitseguka, mtambo ukadutsa azifatsa. Latheka. Bokosi la phazi, pedulo ya makina osokera, kuti woliza azikweza mawu manja ali pamakiyi. Ndikapemphe pedulo yakale kwa Dickson. Bokosi lodikira mpingo ukamakoka nyimbo. Ili landikanika. Mpingo wathu ngakhale magetsi sangaupirire."

Lameki anapezeka akuseka yekha. Anatembenuza masamba ena. Panali bokosi la belu, la achule a kudambo, la fodya wa Anasi, ndi lina loti ana osamva azigwira ndi manja n'kumva nyimbo ikunjenjemera. Pansi pa limenelo Vitus analemba kuti, "Mulungu akandipatsa masiku." Tsamba lomaliza linali ndi chitini cha makona anayi chokhala ndi topotokola tisanu ndi titatu.

"Bokosi loyenda lokha. Limayimba mawu a besi asanu ndi atatu mobwereza, popanda dzanja. Likhale pakati pa makiyi ndi mawu. Latheka pa 9 Febuluwale."

"Ndi limene lasowalo," anatero Luwiza. "Analionetsa Lamulungu titatuluka. Anangodina kamodzi, n'kupinda manja, limba n'kumadziyimbira lokha, dum dum dum. Kwaya yonse inavina. Atsikana anayamba kunena kuti, 'A Dickson, ntchito yatha, kazipumani!' Tonse tinaseka."

"A Dickson nawo anaseka?"

"Anaseka. Kaya. Sindinawayang'anitsitse."

Lameki anayang'ana mpata wa pashelefu. "Mayi, zitini izi mukachotsa chimodzi, chimachitika n'chiyani?"

"Zii! Achimwene amati zili ngati anthu opatsirana njerwa pamzere, mmodzi akachoka njerwa siifika. Khirisimasi ya 98 ndinkapukuta fumbi, ndinazula kachingwe kamodzi osadziwa. Tchalitchi chodzaza, a Dickson kudina, zii! Achimwene anakwawa pansi ndi suti mpaka anakapeza. Kuyambira pamenepo analamula kuti zingwe azigwira iwo ndi a Dickson basi."

Lameki anaima. Dzulo anadina kiyi, ndipo limba linalira, chitini chimodzi chitachotsedwa kale. Anayandikira n'kutsata zingwe ndi chala. Zonse zinali zazifupi, kupatula chimodzi. Chingwe chofiira chachitali chinachoka kumakiyi, kudumpha mpata uja, n'kukalowa m'chitini chotsatira.

Wakuba sakanachita zimenezo. Amene anachotsa bokosilo, mtembo uli pamapazi ake, anaima kaye n'kulumikiza mzere kuti limba lisakhale chete. Kenako analizimitsa n'kulifunda.

Lameki anazula chingwe chofiiracho n'kuchiika m'thumba la jekete.

"Mayi, mutumize uthenga kwa a Dickson. Muwauze kuti apolisi alola limba lipite kumaliro, abwere adzaliyese 2:30."

Dickson anafika 2:25 atavala tayi yakuda. Jane anaima pakhomo. Luwiza anakhala pampando pakona, manja ali pamiyendo. Dickson sanayang'ane pansi pomwe panali mtembo. Anachotsa chitenje, kuchipinda kanayi, kuyatsa limba, n'kudikira kuti litenthe. Mphindi khumi ndi zisanu zitakwana anaika zala pamakiyi n'kudina.

Zii.

Sanayang'ane kusoketi ngakhale kusipika. Maso ake anapita molunjika pampata uja.

"Wachotsa chingwe chofiira ndani?"

"Chingwe chiti, a Chapola?" anafunsa Lameki.

"Chofiira, chachitali, chimene chinali..."

"Lamulungu 1 koloko, pamene mukuti munachoka, pampata apa panali bokosi. Chingwe chofiira chinalibe ntchito pamenepa. Shopu iyi takhala tikuilondera kuyambira dzulo m'mawa, ndipo inu simunalowemo. Munachiona liti chili apa?"

Dickson anazimitsa limba. Anakhala pansi penipeni, pasimenti, n'kutambasula miyendo ngati mwana.

"Mayi Luwiza," anatero, "ndine."

Luwiza anatseka maso, milomo ikuyenda.

"Fotokozani bwinobwino," anatero Lameki. "Mayi Mtambo akulemba."

"Ndinabwerera 4:30. Chakudya chinandikanika. Mawu a atsikana aja ankangobwerera m'mutu. Ndinamupeza akumangitsa bokosi lija. Ndinati, 'Vitus, zaka zonsezi, lero wandipangira chitini choti chindilowe m'malo?' Iye anaseka. Anati, 'Dickson, khala pansi ndikuuze.' Kuseka kumeneko n'kumene kunandipsetsa mtima. Ndinamugwira pakolala. Anafuna kudzichotsa, ine n'kumukankha. Kamodzi kokha. Anagwera pachitsulo chija. Ndinamuitana, ndinamugwedeza. Anali atapita. Ndikanakuwa, anthu akanabwera. Sindinakuwe. Ndinamasula bokosi, poti ndinkati likapezeka aliyense adziwa chimene tinakanganira."

"Nanga chingwe?"

"Sindinaganize n'komwe, bwana. Manja anangochita okha. Limba silisiyidwa lili lomasuka."

"Bokosi lili kuti?"

"Kushopu kwanga, pansi pa nsalu za mayunifolomu. Ndinafuna kukaliponya mu Bua. Ndinalephera. Ndi ntchito ya manja ake."

Jane anapita kukalitenga, ndipo anabwera nalo 3:20. Chinali chitini cha mabisiketi chopakidwa utoto wabuluu. Lameki anachitembenuza kuti alembe maonekedwe ake, kenako anatsegula chivundikiro. M'kati mwa chivundikirocho munali pepala lomatidwa ndi selotepi. Analiwerenga kaye chamumtima.

"A Chapola, munatsegulamo muno?"

"Ayi."

Lameki anawerenga mokweza. "Dzanja lamanzere la Dickson. Lake layamba kuuma, besi ikumuthawa kuyambira Pasaka. Akuganiza kuti sindikudziwa. Ili lizigwira besi, iye aziliza ndi lamanja mpaka atakalamba. Osauza kwaya."

Dickson anakweza dzanja lake lamanzere n'kuliyang'ana. Zala ziwiri zakumapeto zinali zopindika, zosatambasuka.

"Sindinauze munthu," anatero. "Ngakhale mayi a kunyumba. Ndinkaopa kuti akadziwa andichotsa." Anayamba kulira mopanda mawu. "Anati khala pansi ndikuuze."

Luwiza anadzuka pang'onopang'ono. Anatenga kapu pashelefu, kutunga madzi mumtsuko, n'kuika pansi pafupi ndi bondo la Dickson. Sanamuyang'ane. Anabwerera pampando wake.

Dickson atamwa anapukuta kumaso ndi tayi. "Bwana, Anasi uja mumutulutse lero. Usiku wonse ndamuganizira. Fodya sadikira."

"Tiyeni mukanene zimenezo pamaso pa bwana wamkulu," anatero Lameki. Unyolo anausiya m'thumba.

Anasi anatuluka nthawi ili 5:10. Benedicta anali pabenchi pomwe paja, ndipo atamuona analulutira mpaka apolisi a m'maofesi anatulukira m'mawindo. Mwana anadzidzimuka n'kuyamba kulira, bambo ake n'kumunyamula m'mwamba, kulira kuja n'kusanduka kuseka. Wapolisi wa pakauntala anatulutsa njinga ya Anasi, itapopedwa kale matayala onse awiri.

"Akapitawo ndawatumizira kalata," anatero Lameki. "Munda ndi wanu. Muthyole m'mamawa."

"Tithyola kusanache, bwana, tonse awiri. Pofika 10 koloko ndikhala ndili kumaliro pa Kamwendo." Anasi anakweza mkazi wake pakaliyala n'kumupatsa mwana. "Woliza limba palibe, ndiye besi ya a Vitus ndikaigwira ndi pakamwa."

Anapalasa kulowera njira ya ku Mkanda, ndipo asanafike pokhota anali atayamba kale kuyeseza.